Golide ndi yemweyo, mitengo n'kusiyana: nkhani ya ndalama zagolide zakale ndi zatsopano

Ndalama yagolide ya ku South Africa yotchedwa Krugerrand imene inasulidwa m'chaka cha 1978 ndi inzake imene yatuluka chaka chino zili ndi golide wofanana ndendende, amene ndi aunsi imodzi kapena kuti magalamu 31.1, wosakanizidwa ndi mkuwa pang'ono kotero kuti ndalama yonseyo imalemera magalamu 33.93. Zitati zisungunulidwe zonse ziwiri, palibe amene angaloze kuti uyu ndi golide wa ndalama yakale ija. Komabe ogula amagawikana. Ena safuna n'komwe kukhudza ndalama imene inadutsa kale m'manja mwa anthu ena, pamene ena amaona kuti yatsopano ilibe mbiri ndipo ndi chitsulo chabe chonyezimira. Mkangano umenewu wayamba kufika ndi kwa ife kuno ku Blantyre, makamaka kwa amalonda ndi anthu amene ali ndi abale ku Joni, chifukwa kugwa kwa kwacha kwachititsa ambiri kufunafuna kosungira chuma chawo.

Mtengo wa ndalama yagolide uli ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi mtengo wa golide weniweniyo, umene umatsatira msika wa dziko lonse ndipo umalengezedwa kawiri pa tsiku ku London pansi pa bungwe la LBMA, limene limayang'anira msika wa golide mumzindawo, m'madola a ku America pa aunsi iliyonse. Chigawo chachiwiri ndi ndalama yoonjezera imene wogula amalipira pamwamba pa mtengo wa golideyo. M'ndalama yoonjezerayi muli ntchito yosula, mayendedwe, inshuwalansi ndi phindu la wogulitsa, ndipo nthawi zina mulinso kusowa kwa ndalamayo ndi kukongola kwake. Kusiyana konse kwa zakale ndi zatsopano kwagona pa chigawo chachiwirichi, ndipo funso lofunika ndi lakuti kodi ndalama yoonjezerayo idzabwerera tsiku logulitsa kapena ayi.

Vuto loyamba ndi lakuti anthu akamati ndalama yakale amasakaniza zinthu zitatu zosiyana kwambiri. Pali ndalama zamakono zimene zinasulidwa zaka makumi angapo zapitazo n'cholinga chosungira golide basi, zimene tsopano zikugulitsidwanso kachiwiri kapena kachisanu. Pali ndalama zimene anthu ankagulira zinthu m'sitolo zaka zana zapitazo, koma zinasulidwa zambirimbiri moti mpaka lero sizisowa. Ndiyeno pali ndalama zosowa zenizeni, zimene mtengo wake sugwirizananso ndi kulemera kwake. Wogulitsa wochenjera amatenga ndalama ya gulu loyamba kapena lachiwiri n'kuikamba ngati ya gulu lachitatu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama zawo.

Krugerrand ndiyo chitsanzo chomveka cha gulu loyamba. Inayamba kusulidwa mu July 1967 ku South Africa, golide wake akuyengedwa ku Rand Refinery ku Germiston, ndipo ili ndi nkhope ya Paul Kruger mbali imodzi ndi mbawala ya mtundu wa springbok mbali inayo. Cholinga chake chinali kugulitsa golide wa dzikolo kwa anthu wamba m'njira yosavuta kuwerengera, n'chifukwa chake siinalembedwe mtengo uliwonse koma kuchuluka kwa golide kokha. Pofika 1980 inali italanda pafupifupi gawo la 90 pa 100 la msika wa ndalama zagolide padziko lonse, ndipo m'chaka cha 1978 chokha zinasulidwa zoposa 6 miliyoni. Mayiko a azungu atayamba kuika ziletso pa ulamuliro watsankho, America inaletsa kulowetsa Krugerrand mu 1985, ndipo mpata umenewu unadzazidwa ndi ndalama zina: Maple Leaf ya ku Canada imene inali itayamba kale mu 1979, American Eagle mu 1986, Britannia ya ku Britain mu 1987 ndi Philharmonic ya ku Austria mu 1989. Sitingaiwale kuti golide wa Krugerrand zoyambirirazo anakumbidwa ndi manja a Amalawi ambiri amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, mpaka pamene Dr Kamuzu Banda anaimitsa ulendowu ndege yonyamula ogwira ntchito itagwa ku Francistown mu 1974.

Chifukwa cha kuchuluka kwake, Krugerrand ya m'ma 1970 si chinthu chosowa ngakhale pang'ono. Ogulitsa akuluakulu amaika ndalama zoterezi m'gulu limodzi, osasankha chaka, ndipo kawirikawiri amazigulitsa motsikirako kuposa za chaka chino chifukwa iwo anazigula kwa anthu wamba, osati kufakitale. Munthu amene akufuna golide wambiri pa ndalama zake zochepa amasankha zimenezi, ndipo ine ndimaona kuti ndi nzeru, pakuti ndalama yatsopano imene mwagula lero mokwera idzakhala yakale chaka chamawa, ndipo wogula adzailandira pa mtengo umodzi ndi ya 1978 ija. Zaka zitatu zoyambirira zokha, 1967 mpaka 1969, ndizo zinasulidwa zochepa, zikwi makumi angapo pa chaka, ndipo ndizo osonkhanitsa amazifunafuna.

Gulu lachiwiri ndi limene limakoka mitima ya anthu okonda mbiri, ndipo mfumu yake ndi sovereign ya ku Britain. Ndalamayi, m'maonekedwe amene tikuidziwira lero, inayamba mu 1817, imalemera magalamu 7.98 ndipo golide wake weniweni ndi magalamu 7.32. Kumbuyo kwake kawirikawiri kumakhala chithunzi cha George Woyera ali pakavalo akulimbana ndi chinjoka, chimene anajambula Benedetto Pistrucci. Inali paundi imodzi yeniyeni yogulira zinthu, ndipo inayenda kulikonse kumene ulamuliro wa Britain unafika, m'nthawi imene ndalama za Britain ndizo zinkagwira ntchito mu Nyasaland, kampani ya African Lakes ikuchita malonda ake pa Mandala. Pofuna kupewa kunyamula golide wosayenga ulendo wautali wapanyanja, aboma anatsegula nthambi zosulira ndalamayi m'mayiko ena, zambiri mwa izo kufupi ndi migodi: ku Sydney, Melbourne, Perth, Ottawa, Bombay kwa chaka chimodzi cha 1918, ndi ku Pretoria kuyambira 1923 mpaka 1932. Nthambi iliyonse inkaika kachilembo kakang'ono, monga SA pa za ku Pretoria, ndipo kachilembo kameneka pamodzi ndi chaka ndi kamene kamasiyanitsa ndalama wamba ndi yosowa. Sovereign ya ku Pretoria ya 1927 kapena 1928 inasulidwa m'mamiliyoni ndipo imagulidwa moyandikira mtengo wa golide wake, pamene ya 1923 ndi ya 1924 zinatuluka zochepa kwambiri moti mtengo wake ndi nkhani ina.

Chimene chimasangalatsa osonkhanitsa pa gulu limeneli ndi chakuti munthu angathe kugwira m'manja ndalama ya Mfumukazi Victoria ya zaka zoposa 120, atalipira pang'ono chabe pamwamba pa golide wake. Amanenanso kuti ndalama zakale sizingawonjezeke, pakuti fakitale ikhoza kusula Britannia zochuluka monga momwe anthu akufunira, koma sovereign za 1890 zimangocheperachepera pamene zina zikusungunulidwa. Mfundoyi ndi yoona, koma ili ndi malire ake, chifukwa chaka cholembedwa pa ndalama sichinena zoona nthawi zonse. Ducat ya ku Austria yolembedwa 1915 yakhala ikusulidwa ndi chaka chomwecho mpaka masiku ano. Ndalama ya mapeso 50 ya ku Mexico, yotchedwa Centenario, imene ili ndi magalamu 37.5 a golide, inasulidwa zaka zambiri pambuyo pake ikulembedwabe 1947. Ndalama za mafranc 20 za ku France zokhala ndi chithunzi cha tambala, zolembedwa 1907 mpaka 1914, zambiri zinasulidwanso m'ma 1950, ndipo ngakhale sovereign ya ku London ya 1925 inabwerezedwa pakati pa 1949 ndi 1951. Zonsezi si zachinyengo, ndi boma lomwe linazisula ndipo golide wake ndi wokwanira, koma amene walipira zambiri poganiza kuti wagula chinthu cha nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse wagula nkhani chabe.

Gulu lachitatu ndi limene limamveka m'manyuzipepala ndipo limasokoneza maganizo a anthu. Mu June 2021 ndalama imodzi ya ku America ya madola 20, ya chaka cha 1933, inagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's pa madola 18.9 miliyoni, chikhalirecho golide wake sakwana n'komwe aunsi imodzi. Inakwera chonchi chifukwa m'chaka chimenecho Pulezidenti Franklin Roosevelt analamula kuti anthu abweze golide wawo kuboma, ndalama za chakacho sizinatulutsidwe ndipo pafupifupi zonse zinasungunulidwa, ndipo imeneyi ndi yokhayo imene munthu wamba amaloledwa kukhala nayo mwalamulo. Momwemonso sovereign ya Edward VIII, mfumu imene inatula pansi udindo mu 1936 ndalama zake zisanatuluke, inagulitsidwa pa mapaundi 1 miliyoni mu 2020. Chimene chikugulidwa apa ndi kusowa pamodzi ndi umboni wosatsutsika wa kumene ndalamayo yadutsa. Ukale paokha sulipiridwa, ndipo ndalama zambiri zakale kuposa zimenezi zimagulitsidwa pa sikelo.

Pakati pa ndalama zosowa ndi ndalama wamba, chimene chimalamulira mtengo ndi maonekedwe. Osonkhanitsa amagwiritsa ntchito muyeso woyambira pa 1 kufika pa 70, umene unayambitsidwa ndi William Sheldon mu 1949, ndipo makampani awiri a ku America, PCGS imene inayamba mu 1986 ndi NGC ya 1987, amayesa ndalama, kuipatsa nambala yake n'kuitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kosatsegulika. Amene anafikapo pa okushoni ya fodya ku Limbe amadziwa kuti mabelo awiri olemera mofanana angathe kusiyana mtengo kwambiri chifukwa cha giredi imene yalembedwa patikiti, ndipo ndi momwemo ndi ndalamazi, pakuti kusiyana kwa 63 ndi 65, kumene diso la munthu wamba silingakuone, kungachulukitse mtengo kangapo. Pa chifukwa chimenechi ndalama yakale siitsukidwa. Munthu akaipukuta ndi mankhwala kapena nsalu yokhakhala kuti iwale, amachotsa khungu lake loyambirira n'kusiya timizere timene woyesa amationa msanga, ndipo ndalamayo imagwera m'gulu la zogulitsidwa pa kulemera. Chimodzimodzinso ndalama imene inaboledwa kapena kuwotcheredwa kuti ikhale ya pamkanda kapena pamphete, chinthu chimene chinachitikira sovereign zambiri m'mabanja amene amasunga golide wa paukwati.

Okonda zatsopano nawo ali ndi mfundo zolimba, ndipo yaikulu ndi mantha a chinyengo. Chitsulo chotchedwa tungsten chimalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi golide, pakuti kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera magalamu 19.25 pamene golide wa kukula komweko ndi 19.3, moti ndalama yabodza yokutidwa ndi golide pamwamba ingathe kupambana mayeso a sikelo ndi a kukula. Kubera kotere si kwa lero, pakuti m'ma 1950 sovereign zabodza zinkapangidwa zambiri ku Italy ndi ku Middle East, zina ndi golide weniweni koma wochepekedwa, ndipo ichi ndi china mwa zimene zinachititsa Britain kuyambiranso kusula zake mu 1957. Mafakitale amakono ayankha poika zizindikiro zovuta kukopera. Maple Leaf yagolide ili ndi katsamba kakang'ono kojambulidwa ndi leza kuyambira 2013 ndi timizere tosalala tochokera pakati kuyambira 2015, pamene Britannia kuyambira 2021 ili ndi kachithunzi kamene kamasintha mukapendeketsa ndalamayo, mafunde ooneka ngati akuyenda ndi timalemba tating'onoting'ono. Ndalama yakale ilibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo imadalira luso la woiyesa.

Mfundo yawo yachiwiri ndi kuyera kwa golide. Ndalama zambiri zakale ndi za makarati 22, kutanthauza magawo 91.67 pa 100, kapena magawo 90 monga za ku France ndi America, chifukwa zinkayenera kulimba poyenda m'matumba. Maple Leaf inafika pa magawo 99.99 mu 1982, ndipo Britannia inasiya makarati 22 n'kutsatira mu 2013. Anthu ena amaganiza kuti ndalama ya makarati 24, kutanthauza ya golide woyera chonchi, ili ndi golide wambiri kuposa Krugerrand imene ndi ya makarati 22, koma sizili choncho, pakuti zonse zili ndi aunsi imodzi yathunthu, ndipo mkuwa wa mu Krugerrand ndi wongowonjezera pamwamba. Kusiyana kwenikweni ndi kwakuti golide woyera ndi wofewa, amakandika ngakhale ndi kugundana ndi inzake m'kabati, ndipo ogula ena amachotsera mtengo ndalama yokandika. Amene adzasunga ndalama yake m'nyumba n'kumaitulutsa kuonetsa abale angachite bwino ndi ya makarati 22.

Msampha wa zatsopano uli pa ndalama zimene mafakitale amazikonzera osonkhanitsa mwadala. Izi zimasulidwa mwapadera kuti ziwale ngati galasi, zimabwera m'kabokosi kokongola ndi satifiketi, ndipo zimalengezedwa kuti zatuluka zowerengeka. Mtengo wake umakhala wokwera kwambiri pamwamba pa golide, koma kusowa kwake ndi kopangidwa mu ofesi, ndipo popeza aliyense wogula amazisunga mosamala, sizidzasowa m'maonekedwe abwino monga zimasowera ndalama zimene zinkayenda m'misika. Zina zimakweradi, monga Panda za ku China zoyambirira, zimene zinayamba mu 1982 ndipo chithunzi chake chimasintha pafupifupi chaka chilichonse, koma zambiri zikabwerera kwa wogulitsa zimaikidwa pa sikelo, bokosi ndi satifiketi zili pambali. Nalonso dziko lathu linatulutsapo ndalama ya mtundu umenewu mu 1978, ya K250, yokhala ndi nkhope ya Kamuzu ndi chithunzi cha nyala, nyama imene imapezeka ku Lengwe, ndipo inali ya osonkhanitsa a kunja kuposa ya m'matumba a Amalawi.

Pali chinthu china chimene mbali zonse ziwiri sizikonda kuchikamba, ndicho chakuti golide akakwera kwambiri, gawo la ndalama yoonjezera limachepa. Aunsi inali pa madola 35 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1970, inafika pa 850 mu January 1980, inadutsa 2,000 mu August 2020, kenaka 3,000 mu March 2025 ndi 4,000 mu October chaka chomwecho. Pa nthawi zoterezi anthu ambiri amatulutsa zimene anasunga kuti agulitse, ogulitsa amadzazidwa ndi ndalama zakale wamba, ndipo zina zimatumizidwa kokasungunula. Tiyerekeze kuti munthu anagula ndalama yakale golide wake ali pa 100, iye n'kulipira 130 chifukwa cha mbiri yake. Golide akafika pa 200, sizitanthauza kuti ndalamayo yafika pa 260, mwina idzagulidwa pa 210, ndipo mnzake amene anagula ndalama wamba pa 104 adzakhala atapindula kuposa iye. Zinthu zinanso zimene zimakweza mitundu ina ya ndalama ndi malamulo a mayiko ena amene sakutikhudza. Ku Britain, mwachitsanzo, phindu la pa sovereign ndi Britannia silidulidwa msonkho wa phindu chifukwa ndi ndalama zovomerezeka za dzikolo, pamene la pa Krugerrand limadulidwa, ndipo Mmalawi amene akulipira zambiri pa Britannia akulipirira mwayi umene sadzaugwiritsa ntchito.

Kuno kwathu chidwi cha golide chili ndi chifukwa chomveka. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anasunga ndalama zake kubanki anaona mphamvu yake ikusungunuka. Anzathu a ku Zimbabwe, atakumana ndi vuto lalikulu kuposa lathu, banki yawo yaikulu inatulutsa ndalama yagolide yotchedwa Mosi-oa-Tunya mu July 2022, ya aunsi imodzi, iliyonse ndi nambala yakeyake, yogulitsidwa pa mtengo wa golide wa padziko lonse kuonjezerapo 5 peresenti. Banki yathu yaikulu ya Reserve inatsata njira ina, yogula golide wosayenga kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku Export Development Fund kuyambira 2021, golide wochokera m'madera monga Machinga ndi Mangochi. Choncho malonda a golide amene tili nawo ndi a sikelo ndi mayeso a kuyera kwake, ndipo msika wa osonkhanitsa, wokhala ndi ma okushoni, mabuku a mitengo ndi akatswiri oyesa maonekedwe, uli kutali, ku Johannesburg, London ndi America.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti mkangano wonsewu umathera kwa munthu wa mu Blantyre. Ndalama yoonjezera imene mwalipira chifukwa cha chaka chosowa kapena giredi yapamwamba imabwerera pokhapokha mutapeza wogula amene amazidziwa zinthu zimenezi ndipo amazikhulupirira. Wosula zokongoletsera wa mu Limbe kapena wamalonda amene mungamupeze tsiku limene mukufuna ndalama mwamsanga adzafunsa kulemera ndi makarati, ndipo mwina adzafuna kuikanda pamwala woyesera, chinthu chimene chimawononga giredi yomwe munalipirayo. Kuti ndalama yosowa ikapeze mtengo wake weniweni iyenera kutuluka m'dziko, ndipo golide sadutsa pa Chileka kapena pa Mwanza monga katundu wamba, pakuti pali malamulo a zamigodi, a msonkho ndi a ndalama zakunja amene munthu ayenera kuwafunsa ku MRA ndi ku Reserve Bank asanagule n'komwe.

Amene cholinga chake ndi kuteteza chuma akuyenera kusankha ndalama yodziwika kwambiri m'chigawo chino cha Africa, imene mosakayika ndi Krugerrand, ya chaka chilichonse chimene chili chotsika mtengo, kwa wogulitsa wovomerezeka amene amapereka lisiti ndipo amalonjeza kuigulanso. Afunse mitengo iwiri nthawi imodzi, wogulira ndi umene wogulitsayo angamupatse ataibweza tsiku lomwelo, chifukwa mpata wa pakati pa iwiriyi ndiyo ndalama imene wataya pongotuluka pakhomo. Akumbukirenso kuti ndalama zing'onozing'ono, monga theka, gawo limodzi la magawo anayi kapena la magawo khumi a aunsi, zimene Krugerrand inayamba kutulutsa mu 1980, zimakwera mtengo pa galamu iliyonse, ngakhale kuti zimagulitsika mosavuta munthu akafuna ndalama zochepa. Amene wakopeka ndi sovereign ya ku Pretoria chifukwa agogo ake anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni ali ndi chifukwa chabwino chogulira, ndipo asankhe ya zaka zimene zinasulidwa zambiri, kuyambira 1925 mpaka 1932, aiyeze kuti ikwane magalamu 7.98 ndi mamilimita 22 m'mimba mwake, ayang'ane m'mphepete ngati mulibe chipsera cha kuwotcherera, ndipo asalipire zambiri pa chaka chosowa pokhapokha ndalamayo ili m'kabokosi ka oyesa odziwika, kokhala ndi nambala imene angathe kuitsimikiza yekha pa intaneti.